Mabatani a M'thumba la Atelala

"Amayi, bwanji inu mumanditcha Mzime koma ababa amakana?"

Anafunsa ndi mwana wamng'ono wa m'nyumba ya atelala, wa zaka zinayi, tsiku lina akudya.  Amayi ake anamupukuta kukamwa, bambo ake anapitiriza kutafuna. Koma funso la mwana lili ngati singano yotayika pamphasa: ungaiiwale, tsiku lina uikhalira. Mkangano unabuka Lachiwiri masana, pakhonde pamene pankakhala makina osokera.

"Ndamva mukumuitananso Mzime," anatero atelala, phazi lili pa makina, maso ali pa mpendero wa buluku. "Mzime ndi mwana wotsiriza. Ndani anatseka nyumba ino?"

"Anatseka ndi adokotala, bambo," anayankha akazi awo ali pakhomo. "Mwaiwala? Inu munali panja, mukudikira kumva ngati ndi mnyamata."

"Adokotala ndi munthu. Amayerekeza."

"Sanayerekeze, anaona ndi maso. Ana atatu ndabereka ndi mpeni. Akuti chiberekero chatsala ngati nsalu imene mwaing'amba n'kusoka katatu pamalo amodzi. Inu ndinu telala. Nsalu yotero mumailonjeza chiyani kwa mwini wake?"

Atelala anaponda makina, phokoso n'kumeza zotsalazo. Sanali munthu wankhanza. Dzanja lawo silinagwerepo mkazi kapena mwana, ndipo mayunifolomu a ana awo ankasoka mosamala kuposa a makasitomala. Koma ana anayi onsewo anali atsikana, ndipo nkhani imeneyi inkawaluma mobisa ngati nsabwe ya mumsoko.

Nthawi yomweyo mwana wawo woyamba anatulukira kuchokera kusukulu. Anali fomu yachitatu. Pamsewu ponse ankamutcha Namasamu, dzina limene bambo ake omwe anamupatsa.

"Ababa, ndibwerekeni mabatani khumi. Asanu ofiira, asanu oyera."

"Wayamba kusoka?"

"Ndi masamu a mwayi. Aphunzitsi akuti tiyesere ndi zinthu zogwirika, osangoloweza."

"Tenga m'chitinimo, koma abwerere onse. Batani limodzi likasowa, malaya a munthu amayenda oyasamula."

Namasamu anakhala pa sitepe, anathira mabatani m'kathumba ka nsalu yotsala, n'kuitana mng'ono wake wom'pondana naye kuti azitola. Iye ankawerenga mokweza, monga ankachitira nthawi zonse.

"Muli khumi, oyera asanu. Mwayi wotola loyera ndi faifi pa teni, theka. Tola. Chabwino, lofiira. Usabwezere, funso likuti osabwezera. Atsala naini, oyera akadali asanu. Faifi pa naini. Waona? Mwayi wa loyera wakwera pang'ono."

"Nanga ofiira akamangotuluka?"

"Ndi funso lachiwiri limenelo. Tiyerekeze kuti atuluka anayi motsatizana." Anatulutsa ena atatu ndi zala, n'kuwandandalika pa sitepe. "Atsala sikisi. Lofiira limodzi, oyera asanu. Faifi pa sikisi."

Makina anaima.

"Tabwereza pamenepo," anatero atelala.

"Ofiira anayi akatuluka, mwayi woti lotsatira likhale loyera ndi faifi pa sikisi."

"Kutanthauza kuti latsala pang'ono kukhala loyera ndithu."

"Eya, chifukwa ofiira atha m'thumbamo."

Atelala anatembenukira kukhomo, kumene akazi awo anaimirira ndi beseni.

"Mwamva, mayi? Si ine. Ndi sukulu. Anayi ofiira atuluka, awo ali apowo. Chatsala m'thumba n'chiyani?"

"Ababa, awa ndi mabatani."

"Chilichonse chili ndi thumba lake, mwana wanga. Munthu aliyense Mulungu anamuikira ana m'thumba, aamuna ndi aakazi. Zimene ndakhala ndikunena zaka zonsezi, lero zalembedwa m'buku."

Amayi anayang'ana mabatani anayi aja, kenako mwana wawo.

"Tola zinthu zako, ukawerengere m'nyumba," anatero motsitsa mawu.

Namasamu anatola. Manja ankamulemera ngati wanyamula mwala umene wagenda nawo mayi ake mosadziwa.

Sabata yotsatira aphunzitsi anapereka ntchito ina: aliyense ayende m'nyumba za pamsewu wa kwawo, afunse chiwerengero cha ana, anyamata angati, atsikana angati, apeze avereji. Namasamu anayenda khomo ndi khomo. Ena ankamuyesa wa kalembera wa zaulere, ankawonjezera ana a abale awo, mpaka anayamba kunena kaye pachipata kuti palibe chogawa. Atamaliza anakhala pakhonde n'kuphatikiza. Nyumba 18, ana 63.

"Avereji ndi ana atatu ndi theka nyumba iliyonse," anatero.

Amayi ena ogulitsa makala, amene ankadikira kuti atelala awakonzere zipi, anaseka mpaka kugwira mzati.

"Theka linalo lili kwa ndani? Ngati ndi la kumiyendo mundibweretsere, lizinditungira madzi. La kukamwa ayi, ndili nawo okwanira."

"Nanga anyamata ndi atsikana?" anafunsa atelala, ngati akungocheza.

"Anyamata 31, atsikana 32."

"Waona? Mulungu amalinganiza. Ndiye kuti anyamata a nyumba ino ali m'njira."

"Zimalingana mukaphatikiza msewu wonse, ababa, osati nyumba iliyonse. Anyamata amene mukuwasowa inu ali kwa amayi awa. Ali nawo anayi, mtsikana alibe."

"Bwerani muwatenge lero lomwe," anatero amayi a makala. "Ndiwonjezera ndi poto, chifukwa amadya ngati dzombe."

Atelala anaseka nawo, koma sanagonje. Analoza ndi sizasi kutsidya kwa mpanda, kumene kunkamveka kukhoma kwa malata. Kumeneko kunkakhala amisiri a zidebe, bambo wofedwa amene anasamukira pamsewuwo zaka zingapo zapitazo ndi ana ake asanu.

"Nanga aneba awo wawalemba bwanji? Atsikana anayi, kenako?"

"Mnyamata."

"Basi. Umboni ukuyenda ndi miyendo, tsiku lililonse umadutsa pano ndi chikwama cha sukulu. Ine ndikamuona mwana ameneyo ndimati, wachisanu uyo."

"Ndinawafunsa aphunzitsi, ababa. Akuti kubadwa kwa ana sikufanana ndi thumba losabwezera. Kumafanana ndi thumba limene ukatola batani umalibwezeramo. Ulendo uliwonse mwayi umakhala pafupifupi theka, kaya m'mbuyomo munatuluka chiyani."

"Unakawauza aphunzitsi za m'nyumba muno?"

"Ayi. Ndinangofunsa ngati funso."

"Aphunzitsi akowo ali ndi ana angati?"

"Sanakwatire."

"Ndiye aziphunzitsa za mabatani."

Loweruka kunabwera alongo awo a atelala, amene ana ankawatcha azakhali. Anafika ndi maswiti a ana, anayamikira ukhondo wa pabwalo, kenako anakokera mpando pafupi ndi makina. Amayi a ana ankasita mayunifolomu mkati, zenera lili lotsekula.

"Achimwene, ine sindinabwere kudzakangana ndi alamu anga. Ndi mkazi wabwino, nyumba akuisamala. Koma dzina la bambo athu lithera pa inu? Achimwene aakulu alibe mwana. Ine anga amatchulidwa dzina la eni ake. Makina awa mudzasiyira ndani?"

"Ana alipo, achemwali."

"Ana a eni. Adzakwatiwa, makina adzapita kwa mkamwini, akagulitsa n'kugula wailesi. Ndikunama?"

"Adokotala akuti..."

"Adokotala ananena kuti ine sindidzayendanso ndi bondo ili. Ndabwera pa chiyani? Tamverani, njira zilipo ziwiri. Alamu akachotse kolerera kam'mkono kaja anawaika kuchipatala, ayesenso kamodzi. Ngati akuopa, sitiwakakamiza, thupi ndi lawo. Kwathu kuja kuli mtsikana wina wakhalidwe, wa m'banja la anyamata okhaokha. Sakhala muno, mumupezera kanyumba kwina. Aliyense pake."

"Zimenezo sindinaziganizepo."

"Ndiye ziganizeni. Loweruka likubwerali ndibwera ndi achimwene aakulu, tidzamve. Mutu ukakula sulewa nkhonya, inu ndinu bambo."

Azakhali atachoka, amayi anatuluka ndi simbi kudzataya makala. Anaigwedeza, phulusa n'kugwa, anaiika pansi bwinobwino.

"Lolemba ndikachotsetsa," anatero.

Atelala anadzidzimuka pang'ono. Ankayembekeza mkangano, ndipo mawu a mkanganowo anali atawakonza kale.

"Mwaganiza bwino, mayi?"

"Ndaganiza. Mkazi wina akalowa, makina awa azidyetsa nyumba ziwiri. Woyamba kusiya sukulu ndikumudziwa. Bola ndiyese."

"Simukuopa?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Mantha anga musawafunse lero, simunawafunse kale."

Namasamu anamva zonsezo ali kuseri kwa nyumba, akuchapa. Lamulungu masana, anthu atabwerako kopemphera, anatenga kathumba kake n'kukaima patsogolo pa bambo ake, amene ankathira mafuta m'makina.

"Ababa, ndithandizeni ntchito ya mawa. Ndikufuna wotola."

"Mng'ono wako ali kuti?"

"Ndikufuna inuyo. Lero ndi thumba lobwezera. Mukatola, muone mtundu, mubwezere, ndigwedeze. Tizitola mpaka ofiira atuluke kanayi motsatizana, kenako tione lachisanu."

Atelala anadziwa kumene mwana ankalowera, koma anapukuta manja n'kuvomera. Anatola: loyera, lofiira, lofiira, loyera. Anatolanso. Zinatenga nthawi. Ana ang'ono awiri aja anabwera kudzaonerera, amayi anakhala pakhomo akusenda anyezi. Pomaliza ofiira anatsatizana: limodzi, awiri, atatu, anayi.

"Imani kaye," anatero Namasamu. "M'thumbamu muli angati?"

"Khumi."

"Oyera?"

"Asanu."

"Ndiye mwayi ndi theka, monga poyamba paja. Thumba silikudziwa kuti ofiira atuluka kanayi. Silikumbukira."

"Tiye tione ngati silikumbukira."

Atelala anapisa dzanja, anafufuza ndi zala, anatulutsa chibakera n'kuchitambasula pang'onopang'ono. Batani linali loyera.

Anaseka kuchokera pansi pa mtima, ana ang'ono aja n'kuseka nawo osadziwa chifukwa chake.

"Thumba lako lomwe, masamu ako omwe. Ndiye ukuti chiyani, Namasamu?"

"Ndi theka, ababa. Theka limatanthauza kuti likhoza kutuluka loyera. Tikabwereza ka handiredi muona kuti..."

"Ka handiredi? Ine ndikufuna kamodzi kokha, ndipo kamodziko ndi aka."

Mtsikanayo anayang'ana batani lili m'chikhatho cha bambo ake. Masamu ake anali olondola, ndipo sanamuthandize chilichonse. 

Amayi anaika mpeni pansi. Anadzuka, anapita pa chitini cha mabatani, anasanthula mpaka anapeza batani lakuda la jekete. Anatenga kathumba m'manja mwa mwana wawo, anabwezeramo loyera lija, anaponyamo lakuda, n'kugwedeza.

"Masamu ine sindinapite nawo patali," anatero. "Koma thumba limeneli si langa. M'langa adokotala anati mulinso ili."



"Akudawo alimo angati, amayi?" anafunsa Namasamu.

"Sananene. Anangoti alimo, ndipo pa opaleshoni iliyonse amawonjezereka." Anatambasulira thumba kwa amuna awo. "Tolani, bambo. Mwina mutola loyera, dzanja lanu lero lili ndi mwayi. Mawa ndipita monga ndanenera. Ndingofuna ndione mukutola."

Atelala anayang'ana kukamwa kwa kathumbako. Dzanja linanyamuka, linafika pa nsalu, linaima. Mwana wamng'ono uja anati, "Ndikutolereni ine, ababa," ndipo iwo anamugwira mkono msanga, mwamphamvu kuposa mmene ankafunira.

"Awa ndi masewera a ana," anatero. Anavala nsapato n'kutuluka.

Sanapite kutali. Anazungulira mpanda n'kuwapeza amisiri atakhala pa chitsa, akupinda mlomo wa chidebe ndi pulayala. Dzuwa linali lisanalowe.

"Aneba, mukugwira ntchito Lamulungu?"

"Chidebe chodontha sichidziwa tsiku. Khalani. Nkhope imeneyo ndi ya munthu amene wasokera thumba la buluku kunsi."

Atelala anakhala pa ndowa yovundikira.

"Ndabwera ndi pempho. Mukalankhule ndi akazi anga, muwalimbitse mtima. Avomera kuyesanso, koma ali ndi mantha, ndipo mantha awowo ayamba kundilowa ine. Inu ndinu umboni. Anayi, kenako mnyamata. Mungowauza mmene zinayendera."

Amisiri anasiya pulayala. Anasuzumira kuseri kwa nyumba, kumene kunkamveka ana akusewera, kenako anasendeza chitsa pafupi.

"Ndiwauze zonse, kapena ndilekezere pamene inu mumalekezera?"

"Pali zinanso?"

"Mayi a ana aja mumadziwa kuti anapita bwanji?"

"Munati anadwala."

"Ndimatero. Ndi mawu afupi, anthu amapepesa n'kupitirira. Sanadwale, aneba. Anapita kuchipatala akuyenda yekha, chikwama atanyamula yekha, akundilangiza za nyemba zimene anasiya pamoto. Mwana anatuluka. Iye sanatuluke. Pa wachinayi uja anamwino anali atatiuza kuti tilekere pomwepo."



"Zaka zonsezi simunandiuze," anatero atelala.

"Simunandifunse. Inu mumawerenga ana anga pampanda, mumapeza asanu, mumakhutira. Ine ndinkamva mukamanena pakhonde paja, malatawa sagonthetsa kwenikweni. Ndinkati ndi nkhani za m'nyumba ya eni."

"Munamukakamiza?"

"Tinagwirizana. Anavomera yekha, monga avomerera akazi anuwo. Koma munthu ukamamuyang'ana m'mawa ndi madzulo ndi nkhope yodikira, kuvomera kwakeko sindidziwa kuti tikutche chiyani."

"Koma mnyamata munamupeza," anatero atelala, ndipo iwo omwe anamva kuti mawuwo atuluka opunduka.

"Ndinamupeza, ndipo ndimamukonda, musandimve molakwa. Mukandifunsa ngati ndingamubweze kuti mayi ake adzuke, sindingayankhe, ndipo sindifuna munthu adzandifunse. Wamkulu wanga anasiya sukulu kuti amulere. Ndi uja mumamuona akugulitsa zidebe pamsika." Anatola pulayala, anaitembenuza m'manja. "Mwina akazi anu angachire bwinobwino. Ambiri amachira. Ine si dokotala, ndipo tsoka silinunkha. Ndikungoti mukamandiwerenga ngati umboni, muziwerenga nyumba yonse, ndi amene kulibe yemwe."

 Pamsewu panadutsa munthu akukankha njinga yophulika tayala, anawapatsa moni, anayankha onse awiri.

"Mawa ndiwauza asapite," anatero atelala.

"Mawa? Ali tsidya la mpanda uwu."

"Ndikawauza pompano." Anapukuta nkhope ndi zikhatho. "Koma zimenezo n'zophweka, aneba. Chovuta ndi Loweruka. Achemwali akubwera ndi achimwene aakulu, ali ndi mkazi wina m'maganizo. Achimwenewo ndi amene anandilera, ndi amene anandiphunzitsa kugwira sizasi. Pamaso pawo ndimasanduka mwana. Akangoti 'iwe', mutu umagwedera wokha."

"Mumufuna mkazi winayo?"

"Sindimufuna. Sindinamufunepo. Ndimangosowa pakamwa pokanira."

"Mutu umodzi susenza denga. Ndidzabwera."

"Adzati nkhani ya banja mlendo salowerera."

"Ndidzabwera ndi chidebe, ngati munaoda. Munthu wobweretsa katundu sabwezedwa pachipata. Ndidzakhala pansi kudikira, ndipo achemwali anu akadzatchula mwana wanga, poti adzamutchula, ndidzawauza zimene ndakuuzanizi. Koma kukana mudzakana nokha. Ine sindidzakukanirani."

"Ndidzakana."

"Ndiye nanenso ndili ndi pempho." Amisiri anatsitsa mawu. "Mwana uja mwakhala mukumuloza akamadutsa, mumati wachisanu uyo. Wayamba kundifunsa kuti atelala amandiwerengeranji. Iye amadziwa kuti mayi ake anadwala. Zinazo ndidzamuuza ndekha, akakula, ndikapeza mawu ake. Asadzamve pamsewu. Loweruka ana onse, anu ndi anga, tidzawatume kutali."

Atelala anaimirira, anatambasula dzanja. Amisiri anapukuta lawo pa buluku asanaligwire.

"Sindimulozanso, aneba. Ndipo kwa ine sadzamva."

"Ndiye Loweruka ndili pakhonde panu alendo asanakhale pansi," anatero amisiri. "Pitani, akazi anu asagone ndi maganizo a mawa."